Kachiphuphu ka pa Faifi

Foni yanga yakale ili ndi kachiphuphu pa faifi.
Chala chikangokapeza, basi, ndafika pakhomo:
kumtunda thuu, kumunsi eyiti,
folo ndi sikisi anansi a m'mbali.
Ndinkalemba uthenga dzanja lili m'thumba la jekete,
linalo pa handulo ya sakaramento,
kasitomala kumbuyo akudandaula za mtengo wa feteleza,
tikudutsa pa Katoto m'nkhungu ya m'mawa.

Sikisi kawiri, firii kamodzi, thuu kamodzi:
nda.
Zotsalazo chala chinkamaliza chokha
monga mwendo umalizira pedulo.
NyaLuhanga ankati ndimalemba ngati nkhuku yojompha mphale,
koma ankayankha.

Tsopano Vitumbiko, mwana wa mlongo wanga,
wanditumizira ya galasi kuchokera ku Joni.
Inafika pa basi, m'sokosi, sokosiyo m'nsapato.
Nkhope yake see, ngati ya munthu
amene sanagonepo ndi ngongole.
Ndinaifufuza ndi chala kona ndi kona:
palibe pogwira, palibe poyambira.

Mvula ya Mzuzu siodira.
Imangowaza, Juni yense, Julaye yense,
ndipo dontho likagwera pa galasi
foni imamvera dontholo, ine ayi.
Tsiku lina inaimbira yokha abusa a ku Chibavi
ine ndili pakati potukwana wa minibasi.

Chala changa chinauma ndi handulo, zaka khumi ndi zinayi.
Galasi silichidziwa.
Ndikadina, lili duu. Ndikadinanso, duu.
Mnyamata wokonza mafoni ku Taifa anaseka mpaka kutsokomola:
"Madala, iyi sadina, amangoisisita."
Kusisita!
Ine wopinda sipokosi ndi manja.
Ndinalemba kuti "ndikubwera",
iyo n'kundikonzera m'Chingerezi chake,
ndipo mayi wa ku Luwinga uja mpaka lero
amandifunsa chimene ndinkatanthauza.

Koma ndisaname.
Lachitatu usiku, magetsi atathima ku Mchengautuwa,
kunalowa chithunzi:
khanda la Vitumbiko, la masiku anayi.
Kamtsikana ka aneba ndiko kanandiphunzitsa,
ikani zala ziwiri, agogo, tambasulani.
Nkhope inakula,
inakula,
mpaka mphuno ya malemu bambo anga
inadzaza galasi lonse.
Ndinakhala nayo m'manja mpaka batire inalira.
Ya mabatani ija sikanatha zimenezo
ngakhale ndikanadina faifi mpaka tambala.

Ndiye ndimayenda ndi ziwiri, ngati wa mitala.
Ya galasi imagona m'jumbo ya shuga, thumba la pamtima,
kuopa mvula, kuopanso anyamata a pa depoti.
Yakale ili m'thumba la buluku, yomanga ndi mphira,
sipika ngati ya chimfine,
sikisi wake anafufutika kalekale
poti dzina lija limayambira pamenepo.
Muli mauthenga ake makumi awiri ndi atatu.
Womaliza akuti: "Mugule mchere ndi panado."
Anapita kwawo ku Bolero kukadwazika mayi ake,
chaka chachitatu chino.
Mayiwo tinaika chaka choyamba chomwecho.

Wa ku Taifa akuti angathe kuwasamutsa mauthengawo,
apite m'galasi, ndiziwerenga ndi zilembo zazikulu.
Ndinamuuza mawa.
Mawa lake ndi lomwe lija la angongole.

Pa siteji, makasitomala akasowa,
anzanga onse mitu pansi, akusisita, akuseka okha,
ine dzanja limalowa m'buluku osandiuza.
Mulibe layini m'menemo, ndinaisamutsa.
Chala sichinamve za msamukowo.
Chimapeza kachiphuphu,
chimapita kumanja,
kawiri,
kenako kumtunda,
ndipo wina akakuwa kuti "Sakaramento, Zolozolo!"
ndimachitulutsa chisanamalize,
n'kupukuta mpando wa kumbuyo ndi mkono wa jekete.